Ndinati Yakwera Ndisanaigwire

Ndikauza anthu kuti ntchito yanga yoyamba inali yosamalira munthu wolowa pansi pa madzi, ndiponso kuti ndinkaigwira konkuno ku Lilongwe, amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza. Lilongwe wake uti, wopanda nyanjayu? Amaiwala kuti kumayadi a ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 kuli maiwe osambiramo, ndipo pansi pa nyumba zazitali za ku City Centre pali mathanki a simenti ndi maenje a mapampu amene sungangowaumitsa nthawi iliyonse mukavuta kanthu. Madzi akakana kuchoka, munthu amalowa momwemo.

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha ng'ombe. Nditamaliza Fomu 4 ndinachoka kwathu ku Mitundu n'kudzakhala ndi amalume ku Kawale, ndipo kwa miyezi isanu ndinatha nsapato m'misewu ya ku Old Town, envulopu ya khaki ili m'khwapa. Amalume anali mlonda wa masana pa shopu ina ya mapampu ndi mathanki, ya bwana wina wachimwenye wofatsa, wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku lina anabwera ndi uthenga woti kuseri kwa shopuyo kuli mdala wina wogwira ntchito kwa bwanayo amene akufuna womuthandiza. Satifiketi yanga ndinaiwongola bwinobwino pansi pa matiresi. Mdalayo sanaiyang'ane n'komwe.

Anali a Mbewe, bambo wamfupi wa chifuwa chachikulu, imvi zili mbuu. Khutu lawo lakumanzere silinkamva bwino, moti ukamalankhula ankapendeketsa mutu. Paunyamata wawo anagwirapo ntchito kunyanja, yogwira tinsomba tamawangamawanga totumiza kunja, ndipo kampaniyo itatha anabwera ku Lilongwe ndi zida zimene anawasiyira. Ofuna ntchito tinalipo atatu. Aliyense anamupatsa nsonga ya chingwe chake, zingwezo n'kuzidutsitsa pa zenera la kachipinda ka kompuresa, makina opopera mpweya, iwo n'kulowa m'katimo n'kutseka chitseko. Anati tingogwira, tikamva kanthu tinene kuti akoka kangati. Panapita nthawi yaitali kuli zii. Mnzanga wina anayamba kudinadina foni, winayo anakulunga chingwe pa chala n'kumaonera anthu odutsa pa geti. Ine ndinakula ndikutsogolera ng'ombe za ngolo, ndipo ng'ombe imayamba yakuuza maganizo ake pa chingwe isanachite chilichonse. Chingwe changa chitanjenjemera pang'ono kawiri, ndinati kawiri. A Mbewe anatuluka n'kundifunsa ngati ndimatha kusambira. Ndinayankha kuti ayi. Iwo anati zili bwino, chifukwa munthu wosatha kusambira sasiya chingwe n'kudumphira m'madzi.

"Ine ndikakhala pansi, Dalitso, maso anga ndiwe," anatero. "Ukagona, ndafa."

Zida zawo nditaziona ndinakhumudwa. Ndinkayembekezera zonyezimira, zonga za pa kanema. Ndinapeza silinda ya mpweya, yachitsulo, yopentedwa kambirimbiri, yachikasu pamwamba koma pokalika pakuoneka utoto wobiriwira ndi wofiira wa zaka zam'mbuyo. Chopumira chake chinali chozungulira ngati mbale ziwiri zovundikirana, chomangidwa pa khosi la silinda kuseri kwa mutu wa munthu, ndipo kuchokera pamenepo mapaipi awiri a labala amakwinyamakwinya ankadzera m'mapewa n'kudzakumana pakamwa. Panalinso lamba wolemera wa mtovu wothandiza kumira, galasi lakumaso lozungulira, mpeni, ndi pulayasi yomangirira kachingwe kuti isatayike. Amalume ankandiseka kuti silindayo ndiziipatsa ulemu chifukwa inandiona ndikubadwa, ndipo pa zaka zokha sankanama.

Pa valavu ya silindayo panali kachitsulo kakang'ono kotha kukwera ndi kutsika. Pa kachitsuloko anakolapo ndodo yopyapyala yachitsulo yotsikira m'mbali mwa silinda mpaka m'chiuno, kumapeto kwake kuli kamphete kolowa chala. A Mbewe anandifotokozera kamodzi kokha, koma pang'onopang'ono. Kachitsuloko kakakhala m'mwamba, valavu imabisa gawo lina la mpweya, monga momwe mayi amabisira chimanga chambewu kuti ana asachikazinge. Munthu akatha mpweya winawo, kupuma kumalimba, ndipo pamenepo amadziwa kuti nthawi yatha. Amakoka ndodo, kachitsulo kamatsika, mpweya wobisika uja umatseguka, ndipo amakhala ndi mphindi zingapo zoti asiye chimene akuchita n'kutuluka. Koma kachitsuloko kakakhala pansi kuyambira pachiyambi, palibe chimene chabisika. Munthu amapuma mosadera nkhawa mpaka silinda yonse kutheratu, kenako n'kukoka ndodo yopanda kanthu.

Vuto lake linali lakuti podzaza silinda, kachitsuloko kamayenera kukhala pansi, apo ayi mpweya sulowa bwino. Ndiye tsiku lililonse tinkakatsitsa ndi manja athu omwewa, ndipo tsiku lililonse tinkayenera kukumbukira kukakweza. Kudzaza inali ntchito yanga. Ndinkaimika silinda mu dilamu yodula pakati ya madzi ozizira kuti isatenthe, ndinkakoleka paipi yokokera mpweya pa nthambi ya mtengo wa mango kumbali kochokera mphepo kuti isamwe utsi wa injini, ndinkatsegula timipopi totulutsa madzi m'masefa, kenako n'kuliza kompuresa. Ikadzaza ndinkanunkhiza mpweyawo. Ukamveka fungo la petulo kapena oilo, tinkautaya wonse n'kuyambiranso, ngakhale galimoto ikhale ikudikira panja.

Ndiye panali mwambo wathu wa pamphepete pa madzi. A Mbewe akavala zonse ankandifulatira n'kufunsa kuti, "Ndodo?" Ine ndinkayenera kugwira kachitsuloko ndi chala, kukakankhira m'mwamba ngakhale kakhale kuti kali kale m'mwamba, kenako n'kuyankha kuti, "Yakwera." Chingwe chinkamangidwa pa lamba wawo wa pachifuwa, ndipo tinkalankhulana nacho. Kukoka kamodzi kunali kufunsa kapena kuyankha kuti zonse zili bwino. Kawiri ankatanthauza kuti ndiwapatse chingwe china. Katatu kunali kutuluka. Kanayi kunali kunena kuti akodwa, ndisakoke ngakhale zitavuta bwanji. Anandiuzanso kuti ine ndikakoka katatu, iwo adzasiya chilichonse n'kutuluka osayamba afunsa chifukwa.

Miyezi yoyamba inali yokoma. Tinkakwera kumbuyo kwa pikapu ya shopu, kuwoloka mlatho wa Lilongwe, kupita kumayadi kumene alonda amayamba akusuzumira pa kabowo ka geti. A Mbewe ankamata matailosi osomphoka pansi pa dziwe, ankasintha nyale za m'madzi, ankafunafuna ming'alu ndi jakisoni wodzaza utoto wofiira: akafinya pang'ono pafupi ndi khoma, utotowo unkayenderera wokha kulowera pamene pakutha madzi. Ine ndinkakhala pamphepete, chingwe chili m'manja, ndikuyang'ana thovu likutumphuka kuseri kwa mutu wawo. Masana tinkagawana chinangwa chophika ndi tiyi wa m'fulasiki yawo, ndipo nthawi zonse ankandipatsa chidutswa chachikulu n'kumanamizira kuti mano awo atopa. Bambo anga anamwalira ndili Sitandade 3. Sindinawauzepo a Mbewe kuti ndinkawaona bwanji, koma Lamlungu ndinkaona kuchedwa kuti Lolemba lifike.

Koma ndinali ndi matenda anga, ndipo ndiwanene. Sindinkafuna kusekedwa, ndipo kuposa pamenepo sindinkafuna kuti munthu aone kuti ndalakwitsa. Ana a m'mayadi ankaseka mapaipi a labala aja kuti agogo avala nyanga. Mzungu wina wa ku Area 10 anajambula silindayo mbali zonse, akupukusa mutu, n'kunena kuti zoterezi kwawo zili kumalo osungirako zinthu zakale. A Mbewe anaseka naye limodzi. Ine ndinachita manyazi, ndipo pobwerera ndinaphimba zidazo ndi chiguduli.

Ndiye tsiku limene bwana anagula zida zatsopano ndinasangalala ngati andigulira ine. Silinda yake inali yopepuka, paipi imodzi yokha, ndi geji yokhala ndi muvi wosonyeza mpweya wotsala. Ndodo panalibe. A Mbewe anazikonda ndithu, ndipo m'maiwe a madzi oyera ankavala zimenezo. Koma tikaitanidwa ku thanki yakuda kapena ku dzenje lamatope, ankanyamula zakale zija. Tsiku lina ndinadandaula. Anathira fosholo ya dothi mu dilamu, anavundula ndi thabwa, anamiza gejiyo, n'kundipatsa galasi lakumaso kuti ndilowetse mutu ndiwawerengere. Ndinaigunditsa mpaka pagalasi penipeni, osaona ngakhale muvi. Nditatulutsa mutu anangoti geji ndi yabwino, koma imafuna maso, pamene ndodo imalankhula ndi chifuwa.

Sikuti zidazo zinali zabwino chifukwa chokalamba. Chitsulo chakale chosasamalidwa chimapha ngati china chilichonse. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse a Mbewe ankamasula chopumira chija pa nsalu yoyera, ndi sikuludilaiva ndi sipanala ziwiri basi. Labala wa m'kati ankamuyang'anitsa kudzuwa kufuna timabowo, mapaipi ankawatambasula khwinya lililonse, polumikizira ponse ankapaka thovu la sopo. Silinda inkapita kukayezedwa nthawi yake ikakwana. Chida chimenecho ankachidziwa m'kati monse, ndipo panalibe phokoso lake limene likanawadabwitsa.

Tsiku lovuta linadza mu Januwale, m'chaka changa choyamba. Mvula inali itagwa masiku atatu osakata. M'mawa tikungotsegula shopu, foni inalira kuchokera ku nyumba ina ya maofesi ku City Centre. Pansi pa nyumbayo, poimika magalimoto, panali dzenje la pampu yotaya madzi a mvula, lakuya ngati anthu atatu atasanjikizana. Pampuyo inali itatsekeka, madzi anali atasefukira, ndipo ankayandikira chitseko cha chipinda cha jenereta ndi china chosungiramo mafaelo. Silinda yakale inali yosadzaza. Ndinaidzaza dalaivala akuliza hutala pa geti, bwana akuyang'ana wotchi. Itangodzaza ndinazimitsa kompuresa, ndinamasula paipi, ndinanyamula silinda ikudontha madzi n'kuthamanga nayo ku galimoto.

Tinapeza madzi akulekeza m'mawondo, ofiira ngati thobwa lamawere. A Mbewe sanafulumire. Anauza wamagetsi wa panyumbapo kuti azimitse magetsi onse a pansipo, akhome loko pa bokosi, kiyi awapatse iwo, ndipo kiyiyo anaiika m'thumba la malaya anga. Kuwala kunkachokera ku matochi ndi nyale za pikapu yathu. Pa msewu wotsetsereka wolowera pansipo panadzaza anthu a m'maofesi, amataye ndi amajekete, ena akujambula ndi mafoni. Woyang'anira nyumbayo anali mayi wina wa suti yabuluu, nsapato zake zili m'manja, nkhope ili yotuwa. Sanali munthu woipa. Ankaopa kuti madzi akalowa mu jenereta, ntchito yake ithera pomwepo, ndiye ankangofunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

A Mbewe anavala, anaima pamwamba pa makwerero a dzenjelo, n'kundifulatira. Dzanja langa lina linali ndi mpukutu wa chingwe, lina linali ndi tochi, ndipo mayi uja ankandilankhula m'khutu momwemo.

"Ndodo?"

"Yakwera," ndinatero.

Anaimabe pang'ono ali chifulatire, kenako analuma chopumira n'kutsika. Madzi anawameza mutu ndipo sindinaonenso kanthu, kupatula thovu.

Poyamba zonse zinayenda monga mwa masiku onse. Ndikakoka kamodzi, ankayankha kamodzi. Pa chingwe chachiwiri tinamangapo ndowa yoboolaboola, ndipo inkatuluka yodzaza majumbo, masanza, mabotolo ndi zidutswa za matumba a simenti. Mlonda wa panyumbapo ankandithandiza kukhuthula. Patapita mphindi ngati makumi awiri, ndikupukuta dzanja pa buluku, ndinayang'ana chala changa chamkombaphala. Chalacho sichinkakumbukira kuzizira kwa kachitsulo kaja. Ndinabwerera m'maganizo ku shopu: kuzimitsa kompuresa, kumasula paipi, kunyamula, kuthamanga. Ndinabwereza kachiwiri, kachitatu, kufunafuna pamene ndinakweza. Panalibe. Pakamwa panga panayankha pokha, chifukwa panazolowera.

Chochita ndinkachidziwa. Ndikanangokoka katatu, akanatuluka, ndikanakweza kachitsuloko, akanabwereranso, ndipo tikanataya mphindi zisanu zokha. Koma akanatuluka pamaso pa anthu onse aja, mayi uja akanafunsa kuti chavuta n'chiyani, ndipo ine ndikanayenera kunena ndi pakamwa panga kuti ndinanama. Ndinaganiza za mafoni aja, za bwana, za amalume amene anandipezera malo. Ndinayamba kudzinyengerera ndekha. Mwina ndinakweza koma ndaiwala. Mwina amaliza msanga, mpweya ukadali wambiri, ndipo ndidzakweza mwakachetechete pochapa zida popanda wodziwa. Ndinakoka kamodzi, iwo anayankha kamodzi, ndipo ndinadziuza kuti waona, zonse zili bwino.

Chinthu chimenechi ndachisenza zaka zonsezi, ndiye sindichikometsa. Ndinaima pamenepo kupitirira theka la ola, munthu amene ankandipatsa chidutswa chachikulu cha chinangwa ali pansi pa mapazi anga mu mdima, ine ndikuteteza nkhope yanga.

Pa ntchito yolemetsa ngati imeneyo silindayo inkatha pafupifupi ola limodzi. Ola lija litatsala pang'ono kukwana, mantha anaposa manyazi, ndipo ndinakonza dzanja kuti ndikoke katatu. Ndisanakoke, chingwe chinagwedezeka chokha. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

Anali atakodwa. Tsopano katatu kanga kanalibenso ntchito.

Ndinayang'ana thovu, chifukwa ndi lokhalo limene likanandiuza zoona. Munthu akamapuma bwino, thovu limatumphuka lambiri, n'kuleka, n'kutumphukanso, mofanana nthawi zonse. Linayenda choncho kwa kanthawi. Kenako linayamba kuchepa. Mpata wapakati unatalika. Linatuluka lochepa kwambiri, timathovu towerengeka, kenako madzi anangoti phee.

Mlonda uja anaona nkhope yanga n'kuzindikira. Anakuwa kuti timukoke, ndipo amuna awiri amataye anathamangira m'madzimo ndi nsapato zawo zomwe n'kugwira chingwe kumbuyo kwanga. Ankafuna kuthandiza. Koma munthu wokodwa ukamukoka umangomangitsa chimene chamugwira, ndipo ukhoza kumuzula chopumira pakamwa. Ndinakulunga chingwe cham'mbuyocho pa mkono wanga kuti mphamvu yawo ithere pa ine, ndinaponda mwamphamvu, ndipo ndinawauza kuti asiye. Mmodzi anandifunsa ngati ndapenga. Ndinamuuza kuti akakokanso ndimuluma, ndipo ndikukhulupirira ndikanamuluma ndithu. Anasiya.

M'mutu mwanga ndinkaona dzanja la a Mbewe likufufuza m'chiuno, likupeza kamphete, likukoka ndodo imene inali kale pansi. Ndinkafuna kupemphera koma mawu sanabwere. Ndinangoti abambo, abambo, chamumtima. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Mwina sinakwane n'komwe theka la mphindi.

Ndiye thovu linaphulika pamwamba pa madzi, lambiri, laphokoso. Linaleka, n'kubweranso. Linaleka, n'kubweranso, mofanana bwinobwino. Sindinamvetse kumene mpweyawo unachokera. Tochi ndinapatsa mlonda. Ndinakoka kamodzi, mofatsa. Panapita kanthawi, kenako yankho linabwera, kamodzi. Tinadikira mphindi zina zitatu kapena zinayi, kukungomveka madzi akudontha kuchokera kudenga. Kenako anakoka katatu, ndipo ndinayamba kukulunga chingwe pang'onopang'ono, osawakoka, kungotsatira kukwera kwawo.

Anatuluka matope ali thupi lonse. Pa mwendo wakumanja panali chidutswa cha waya womangira zitsulo, wosiyidwa ndi omanga nyumbayo, chimene chinawazungulira mu akakolo n'kuwacheka. Anali atamudula ndi pulayasi, mfundo imodziimodzi, mongopapasa. Ndodo inali pansi, monga imakhalira ikakokedwa. Analavula chopumira, anapuma kawiri katatu, n'kundiuza kuti ndipereke kiyi kwa wamagetsi. Pampu italira, madzi n'kuyamba kutsika pa khoma, anthu anaomba m'manja. Mayi uja anagwira dzanja la a Mbewe ndi manja ake onse awiri, matope omwewo, ndipo anayamikanso ine kuti ndine mnyamata wolimba mtima. Ndinayang'ana pansi.

Tinabwerera ku shopu. Kuseri kuja ndinayamba kutsuka mapaipi ndi madzi oyera, iwo atakhala pa kreti akutsuka bala lawo. Ndikanatha kukhala chete, ndipo ndinkaganiza kuti palibe akanadziwa. Koma mawu anandikwera okha pakhosi. Ndinawauza kuti ndodo ija sindinaigwire, ndinangoyankha.

"Ndikudziwa," anatero osadzutsa mutu. "Ukamakankha kachitsulo kaja, silinda imandigunda pamsana. Lero sinandigunde. Nditatsika masitepe atatu ndinapapasa ndodo, ndinaipeza ili pansi, ndinaikankhira m'mwamba ndekha."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandidzudzule pomwepo. Anati pagulu paja sakanatha kundivula, ndipo mwina pamenepo analakwitsa iwo, chifukwa pa madzi sipoyenera kusungirana ulemu. Anati kuiwala aliyense amaiwala, iwonso anaiwalapo ali kunyanja. Kenako anapendeketsa mutu, khutu labwino lija lili kwa ine.

"Koma unakumbuka nthawi yanji?"

Funso limenelo ndi limene ndinkaliopa. Ndinawauza zoona, kuti patangopita mphindi makumi awiri. Anafinya kansalu m'beseni.

"Nthawi yonse ija ndimamvetsera chingwe," anatero. "Ndimati mwana wanga akoka katatu tsopano apa."

Sanakweze mawu, sananene za kundichotsa ntchito. Akanandimenya mbama zikanandipepukira. Ndinakhala pansi pa simenti yonyowa n'kulira ngati mwana, mapaipi a labala ali pamiyendo. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenako anati ndimalize kutsuka zida, ndiwaperekeze kunyumba chifukwa mwendo ukuwawa.

Ankakhala ku Area 23, m'kanyumba ka njerwa zootcha kokhala ndi mapapaya kuseri. Ndinali ndisanafikeko. Akazi awo, mayi wamtali wowonda, atangoona kutsimphina kwawo anasiya zochapa n'kubwera akupukuta manja pa chitenje.  Anawakhazika pa mpando wa pakhonde, anatenthetsa madzi amchere, anagwada n'kuyamba kutsuka balalo, akuwakalipira motsitsa mawu kuti munthu wa imvi ngati iwo akufunanji m'maenje a eni ake. Kenako anafunsa kuti chinachitika n'chiyani. Ndinaweramitsa mutu.

A Mbewe anafotokoza za waya, za mdima, za mpweya kulimba ndi ndodo kuwapulumutsa. Kenako anandiloza n'kunena zimene mlonda uja anawauza atatuluka, kuti anthu ankafuna kuwakoka ali okodwa, koma mwanayu anakana, anaima yekha kulimbana ndi amuna awiri. Anathera pomwepo. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo zimene anasiya anazisiya dala.

Amayi aja anatembenukira kwa ine ali chigwadire. Anaona mkono wanga pamene chingwe chinandisupula, pamene ine mwini ndinali ndisanapaone, ndipo anaugwira n'kuyamba kuutsuka ndi madzi omwe aja.

"Zikomo, mwanawe," anatero. "Mwandibwezera bambowa."

Ndinayang'ana a Mbewe. Iwo ankayang'ana mapapaya awo.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zina zinayi, mpaka chifuwa chinawaletsa kulowa m'madzi. Anandiphunzitsa kusambira m'maiwe a mabwana eni ake akapita kuntchito, kenako kulowa pansi ndi silinda yomwe ija. Nkhani ya tsiku limenelo sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa bwana. Lero ndili ndi anthu anga amene ndimawayang'anira, ndipo zida zathu zambiri ndi zatsopano, koma ku madzi amatope ndimatumizabe silinda yokhala ndi ndodo. Chimene chinapulumutsa a Mbewe ndi kachitsulo kosafuna maso, m'manja mwa munthu amene ankakadziwa moti anazindikira ndi msana wake kuti sikanagwidwe.

Koma chimene ndimaphunzitsa aliyense tsiku loyamba si valavu ayi. Ndimamuuza kuti akangokayika, ngakhale pang'ono, ngakhale pakhale anthu zana akuonerera, akoke katatu. Ine ndatulutsapo anthu m'madzi kambirimbiri chifukwa cha kukayika chabe, ndipo nthawi zambiri timapeza kuti zonse zinali bwino. Makasitomala anyinyirika, anzanga anditukwanapo, ena andiseka kuti ndine wamantha. Manyazi otulutsa munthu pachabe amatha tisanafike kunyumba. A theka la ola lija ndikadali nawo.